Pasuwa watenga Flames: tikuyembekezera chiyani, nanga timupatsa nthawi yotalika bwanji? (Zokambirana za kumayambiriro kwa 2025)

Wa_ku_Area25
Abale anga, nkhani mwaimva kale. Bungwe la mpira la FAM lamupatsa Kalisto Pasuwa timu ya dziko, osatinso mongogwirizira ngati mu Novembala 2024 muja ayi, udindo ndi wake tsopano. Anthu kuno ku Lilongwe akusangalala ngati tikiti ya ku AFCON, mpikisano wa maiko a mu Africa, ili kale m'thumba. Inenso ndikufuna kusangalala nawo koma mtima ukukana. Chichokereni Kinnah Phiri mu 2013, pampando umenewu pakhala Saintfiet, Young Chimodzi, Ernest Mtawali, Ronny Van Geneugden (RVG), Meck Mwase, Marinica ndi Patrick Mabedi. Anthu asanu ndi awiri, osawerengera ongogwirizira. Aliyense tinamulandira ndi nthungululu, ndipo pafupifupi aliyense tinamuperekeza ndi mwano. Ndiye ndikufunsa, kwa Pasuwa tikufuna chiyani kwenikweni? Akagonja masewero awiri oyamba tidzamusiya agwire ntchito, kapena tidzayambanso nyimbo yathu ija ya achoke achoke?

Maule_Mpaka_Kale
Funso lake ndi lophweka akulu. Munthu anatenga ligi kasanu motsatizana ndi Bullets, kuyambira 2018 mpaka 2023. Mu 2023 anasesa zikho zinayi m'chaka chimodzi. Mukufunanso umboni wanji? AFCON ya 2027 tikupita basi.

Nyerere_ya_Lali
Kutenga ligi ndi timu imene ili ndi ndalama kuposa anzake onse si chimodzimodzi ndi kukumana ndi Senegal. Nanga ku mpikisano wa makalabu a mu Africa wa CAF zinkayenda bwanji? Simba inamutulutsa, TP Mazembe inamutulutsa. Ndipo chaka chathachi ligi inapita ku Silver Strikers iye ali pomwepo pa benchi.

Maule_Mpaka_Kale
Aneba, imeneyo ndi nsanje. Pofika 2025 uno, inu a Wanderers ligi munaiona komaliza mu 2017.

Nyerere_ya_Lali
Sindikukamba za Manoma pano. Ndikukamba za timu imene tonsefe timavala jezi yake. Nkhawa yanga ndi imodzi ndipo ndiinena poyera: asakatengere Bullets yonse ku Flames. Mwana wa ku Karonga United kapena wa ku Dedza akasewera bwino, aitanidwe. Ndikaona mndandanda woyamba ndi pomwe ndidzadziwe ngati ali mphunzitsi wa dziko kapena wa Maule.

Mkulu_wa_Chilomoni
Ana anga, mundilole nane ndiyankhule, ndine wamkulu pagulu pano ndipo ndimalemba mochedwa.

Ine Flames ndinayamba kuitsatira kalekale, masiku amene wailesi inali imodzi pa mudzi wonse. Mu 1978 tinatenga chikho cha East and Central kuno kwathu, mu 1979 tinakachitenganso ku Kenya, kenaka 1988. Mu 1984 tinapita ku AFCON koyamba ku Ivory Coast, ndipo mu 1987 tinabwera ndi mendulo ya nambala yachitatu kuchokera ku All Africa Games ku Nairobi. Masiku amenewo timu ikabwera ku Kamuzu Stadium inkabwera ikudziwa kuti ichoka ikulira. Ndikukumbukira bambo anga atakhala pa mpando wa ndalema, wailesi ataiika pa bondo, ife ana titazungulira pansi. Mabatire akafooka ankawatulutsa n'kuwaika padzuwa pa nthawi yopuma kuti timve chigawo chachiwiri.

Chimene ndikufuna muone ndi ichi. Ted Powell, amene anatipatsa zikho za 1978 ndi 1979, sanakhale miyezi isanu ndi umodzi ayi. Anakhala zaka, anawadziwa anyamata ake mmodzimmodzi. Kinnah anatenga timu mu 2008 nakhala nayo mpaka 2013, ndipo ndi iyeyo anatipititsa ku Angola mu 2010, patatha zaka 26 tikungoonerera anzathu. Meck Mwase anayamba mu 2019, mu Malichi 2021 n'kugonjetsa Uganda 1-0 ndi chigoli cha Richard Mbulu, ulendo wa ku Cameroon uwo. Tawerengani bwino. Amene anatipititsa patsogolo ndi amene anapatsidwa mpata wokhazikika. Amene tinkawasintha ngati malaya palibe chimene anatisiyira, ndipo ena mwa iwo sanali oipa.

Ine kwa Pasuwa sindikupempha chikho chaka chino. Ndikupempha kuti pofika Disembala ndizitha kutchula anyamata khumi ndi mmodzi oyamba osayang'ana pa foni. Kale mwana aliyense ankatha kutchula Jack Chamangwana, Young Chimodzi, Lawrence Waya, Ernest Mtawali ali m'tulo. Lero masewero aliwonse nkhope zatsopano.

Ndinasiya kupita ku bwalo zaka zapitazo. Mtima unatopa.

Chemusa_Boy
Madala mwayankhula. Koma ifeyo tabadwira m'kudikira. Mpaka liti?

Mwana_wa_Mbare
Moni nonse kumudzi. Ine ndinabadwira ku Harare, agogo anga anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito kuno kalekale, ndiye Chichewa changa mundikhululukire pena. Pasuwa ife kuno timamudziwa bwino kuposa inu. Ndi Dynamos anatenga ligi kanayi motsatizana, 2011 mpaka 2014. Kenaka anatenga timu ya dziko la Zimbabwe n'kuipititsa ku AFCON ya 2017 ku Gabon, pomwe inali isanapiteko chichokereni 2006.

Mwina ena mwaiwala kuti ulendo wa ku Gabon uja anadutsira pa msana pa Flames. Mu Juni 2015 anabwera ku Blantyre pa basi, anyamata ake atakangana ndi akuluakulu za ndalama mpaka kunyamuka mochedwa, koma anapambana 2-1. Chaka chotsatira ku Harare anatikwapula 3-0. Ndikuti "anatikwapula" chifukwa tsiku limenelo ndinali m'bwalo nditavala zofiira pakati pa anzanga onse achikasu, ndipo ndinabwerera kunyumba osayankhula ndi munthu.

Ndiye mudziwe mtundu wa munthu amene mwatenga. Si wokonda zoyankhulayankhula. Amayamba wamanga kumbuyo, timu isagoletsedwe, zina pambuyo. Kuno ku DeMbare (Dynamos) ena ankadandaula kuti mpira wake sukoma m'maso, koma kumapeto kwa chaka chikho chinkabwera. Ngati mukufuna mpira wovinavina mukhumudwa. Ngati mukufuna timu yovuta kuigonjetsa, mwapeza munthu wake. Ku Gabon anafanana mphamvu ndi Algeria 2-2, kenaka anagonja kwa Senegal ndi Tunisia, n'kutuluka mu gulu. Atangobwerera ntchito inatha. Musadzachite zimenezo kumudziko.

Maule_Mpaka_Kale
Mwamva aneba? Umboni wochokera kwawo.

Nyerere_ya_Lali
Ndamva, ndipo ndalemekeza. Komabe mndandanda ndiudikira.

Kochi_wa_Ana_Zingwangwa
Ine ndimaphunzitsa ana a zaka zosapitirira 14 kuno kwathu, mongodzipereka. Pali chinthu chimene ambiri simukuchiganizira. Ntchito ya kochi wa kalabu ndi ya kochi wa dziko ndi zosiyana kutalitali. Ku Bullets, Pasuwa anali ndi anyamata ake Lolemba mpaka Loweruka, miyezi isanu ndi inayi pa chaka. Wotseka kumbuyo akalakwitsa Lamlungu, Lachiwiri amamuimika pambali n'kumukonza. Ku Flames sizikhala choncho. Osewera akunja makalabu awo amawamasula pa masiku a FIFA okha. Charles Petro achoke ku Romania, John Banda ku Mozambique, Gabadinho Mhango (Gaba) ku South Africa, Mwaungulu ndi Lanjesi ku DR Congo. Ena amafika kwatsala masiku awiri kapena atatu, miyendo itatupa ndi ndege. Ndiye uwaphatikize ndi a kuno, uwaphunzitse kaimidwe, mipira ya pakona, zonse m'masiku atatu.

China ndi ichi, ndipo chikundidetsa nkhawa kwambiri. Ligi yathu imatha mu Disembala n'kudzayambanso cha mu Epulo. Masewero a Namibia ndi Tunisia ali mu Malichi. Kutanthauza kuti anyamata a TNM Super League adzalowa m'bwalo atakhala miyezi itatu osasewera mpira wa mapointi. Thupi la wosewera silinama. Ukhoza kuthamanga phiri la Soche m'mawa uliwonse, koma mphamvu ya masewero enieni imabwera ndi masewero enieni basi. Mphindi 60 zikakwana mudzaona miyendo ikulemera, ndipo anthu adzati kochi walephera.

Ndiye ngati FAM ikufunadi kumuthandiza, imupatse m'bindikiro wautali ndi masewero opimana mphamvu asanafike Malichi. Zopanda zimenezo tikumutuma kumunda wopanda khasu.

Wa_ku_Area25
Akochi, apa mwandiphunzitsa. Za kalendala ija sindinaziganizirepo.

Ziwerengero_Zokha
Tiyeni tiike manambala patebulo kuti tisamalote masana. Mu gulu lathu la World Cup ya 2026 muli Tunisia, Namibia, Liberia, Equatorial Guinea ndi São Tomé. Tasewera anayi. Tinapambana ku Liberia 1-0, Tunisia inatigonjetsa 1-0 pa Bingu, tinagonjetsa São Tomé 3-1, n'kukagonja ku Equatorial Guinea 1-0. Mapointi 6. Amene amapita mwachindunji ndi woyamba pa gulu yekha. Kunena zoona World Cup tiiike pambali. Masewero otsalawa akhale omangira timu ya AFCON 2027, imene ichitikire ku Kenya, Uganda ndi Tanzania.

Chimene chimandipweteka ine ndi AFCON ya ku Morocco ya Disembala 2025. Zambia ikupita. Mozambique ikupita. Tanzania ikupita. Maiko onse atatu otizungulira. Onjezani Zimbabwe, Botswana, Angola, South Africa ndi Comoros. Ife tinathera pansi pa gulu, titagonja masewero anayi oyamba: Burundi 3-2 pakhomo pathu, Burkina Faso, ndi Senegal kawiri. Comoros anthu ake sakwana miliyoni imodzi, ife tadutsa mamiliyoni 20.

Chemusa_Boy
Ya Burundi ija ndi imene inatipha. Kugonja kwa Senegal ndimamvetsa. Koma Burundi, pa Bingu?

Maule_Mpaka_Kale
Ndipo amene anabwera kudzapukuta misozi ndani? Pasuwa atangogwirizira, 0-0 ndi Burundi yomweyo, kenaka Burkina Faso 3-0. Anyamata omwewo amene ankaoneka ngati sadziwa mpira.

Nyerere_ya_Lali
Burkina Faso inali itadutsa kale, inalibe chofera. Tisadzinamize ndi masewero amenewo.

Ziwerengero_Zokha
Nonse awiri mukunena zoona. Burkina inalidi itadutsa kale. Komabe masewero awiri osagoletsedwa, kwa timu imene inali itangolandira zinayi ku Dakar, si chinthu chonyoza.

Mai_a_Junior
Azibambo mwakangana za makochi kuyambira m'mawa, ndiloleni ndikuuzeni za kunyumba kwanga. Mwana wanga wachisamba amasewera mu ligi yaing'ono kuno ku chigawo chapakati, timu sinditchula. Ndi mwana waluso, si chifukwa ndine mayi wake, anthu amabwera kudzandiuza. Nsapato zimene amasewerera ndinagula ine pa kaunjika, ndi ndalama ya mandasi. Zinang'ambika kutsogolo, wosoka nsapato pamsika wazisoka kawiri. Tsiku la masewero amanyamuka atamwa tiyi ndi mbatata, kukwera lole yopanda denga ulendo wa maola atatu, kusewera, kubwerera usiku ali mbuu ndi fumbi. Akapambana amapatsidwa ndalama yosakwana ngakhale sopo ndi thiransipoti. Mwezi wathawu anavulala bondo. Palibe wa ku timu amene anabwera kudzamuona. Ndinamutengera ndekha kuchipatala pa kabaza.

Tsopano akundiuza kuti amayi ndingosiya, ndipite ku Joni ndikagwire ganyu. Ndimuletse ndi mawu ati? Ana ngati ameneyu alipo mazanamazana. Pasuwa adzasankha osewera kuchokera kuti ngati ana akusiya mpira ali ndi zaka 19?

Kochi_wa_Ana_Zingwangwa
Mayi, mwandikhudza. Muuzeni asafulumire kubwerera m'bwalo bondo lisanapole, ambiri amathera pomwepo. Ayambe wayenda, kenaka njinga, kuthamanga pambuyo. Ndilembereni kumbali ndikuuzeni zolimbitsa thupi zimene angamachite pakhomo.

Mphunzitsi_wa_ku_Ntchisi
Mai a Junior anena zimene ndimafuna kunena. Ine ndimaphunzitsa ku pulayimale ya kumudzi. Sukulu yonse, ana opitirira chikwi, tili ndi mpira umodzi wachikopa, ndipo umakhala mu ofesi ya ahedi kudikira tsiku la masewero a zoni. Masiku ena onse ana amasewera chikulunga cha majumbo chomanga ndi malamba. Musachinyoze chikulunga, chimaphunzitsa mwana kugwira mpira ndi phazi. Koma chikulunga sichidumpha, sichiuluka ngati mpira weniweni. Mwana amafika zaka 15 asanaphunzire kuimitsa mpira wochokera m'mwamba ndi chifuwa, asanaimepo pa bwalo la mizere. Mnzake wa ku Senegal pa msinkhu umenewo wakhala kale zaka zingapo ku akademi, ngati Génération Foot kumene anachokera Sadio Mané. Awiriwa akakumana ali ndi zaka 24, ife timati kochi ndiye wolakwa.

Kale masewero a sukulu anali ndi mphamvu, aphunzitsi ankadziwa kuti Lachitatu masana ndi za masewero basi. Lero nthawi imeneyo tinaipereka ku makalasi obwereza chifukwa tonse tikuthamangitsa mayeso a Sitandade 8. M'mera mpoyamba, abale. Pasuwa akhoza kukonza kaimidwe ka timu, koma sangabwerere m'mbuyo kukaphunzitsa mwana wa zaka 10 zimene sanaphunzire.

Chemusa_Boy
Ndiye mukuti tisayembekezere kalikonse mpaka ana a Sitandade 4 akule? Aphunzitsi, anthufe tikufuna chimwemwe panopa.

Mphunzitsi_wa_ku_Ntchisi
Ayi achimwene, sindikutero. Ndikuti tigawe katundu bwino. Wina ndi wa kochi, wina ndi wa FAM, wina ndi wa boma, wina ndi wathu makolo. Tisamusenzetse munthu mmodzi mtolo wa anthu anayi.

NyaGondwe_Mzuzu
Koma inu mukamati mpira wa Malawi uli pansi muzinena kuti wa amuna. Ma Scorchers anatenga chikho cha COSAFA mu 2023, atagonjetsa Zambia 2-1 mu fainolo. Flames chikho chimenecho sinachigwirepo, inangofika mu fainolo mu 2002 ndi 2003. Temwa Chawinga chaka chathachi wagoletsa zigoli 20 mu ligi ya ku America ndi Kansas City Current, n'kusankhidwa wosewera wabwino koposa onse. Mkulu wake Tabitha ali ku Lyon. Ana a ku Rumphi amenewo, anakulira pa mabwalo a fumbi omwewo amene mukudandaula nawo. Ndalama zimene zimathera pa Flames theka lake litapita kwa atsikana, bwenzi tikukamba zina.

Maule_Mpaka_Kale
Achemwali apa palibe wotsutsa. Temwa yekha akanakhala mwamuna bwenzi vuto la kutsogolo litatha.

NyaGondwe_Mzuzu
Asakhale mwamuna. Akhale momwe alili, inu mubwere kudzaonerera akamasewera.

Wa_ku_Joni_Turffontein
Poti nkhani yapatuka kale, nane ndiponyepo ya mabwalo. Mu 2021 timu yathu inkatchedwa eni bwalo ku Orlando Stadium kuno ku Soweto, chifukwa kumudzi kunalibe bwalo lovomerezeka ndi CAF. Ife okhala kuno tinamva manyazi, anzathu a kuntchito ankatifunsa kuti kodi kwanu kulibe udzu? Panopa tili ndi Bingu yokha. Itati yatsekedwa mawa, tibwereranso kobwereka. Kochi angalonjeze bwanji kupambana pakhomo pomwe khomo lenilenilo ndi losadalirika?

Mai a Junior, mwana wanuyo muuzeni kuti kuno si kophweka monga amamvera. Ndili ndi anyamata awiri amene ankasewera bwino kumudzi, pano mmodzi amatsuka magalimoto, wina amalondera. Mpira amasewera Lamlungu lokha pa paki.

Chemusa_Boy
Flames ibwerere ku Blantyre. Ku Kamuzu Stadium tinagonjetsa Egypt 1-0 mu 2008, Chiukepo Msowoya kumapeto kwenikweni. Ivory Coast ya Drogba inatuluka ndi 1-1 mu 2009. Anthu a ku Lilongwe amaonerera mpira atakhala pansi ngati ali m'tchalitchi.

Wa_ku_Area25
Aise, usatinyoze. Bwera pa Bingu udzaone. Vuto si anthu a ku Lilongwe, vuto ndi loti timu ikangogoletsedwa chimodzi masapota timatembenukira anyamata athu omwe. Ndinaona ndi maso anga tsiku la Burundi, bambo wina wamkulu bwinobwino ataimirira pa mpando kutukwana wotseka kumbuyo ndi mayi ake omwe, mwana wake wamng'ono ali pambali akumuyang'ana. Wosewera amamva zimenezo. Mpira ukamabwera kwa iye miyendo imanjenjemera, amangoumenya kutsogolo kuti uchoke pa iye.

Tibwerere ku funso langa chonde. Tikufuna chiyani kwa Pasuwa?

Shehe_wa_Mpira_Mangochi
Ine ndiyankha mwachindunji. Ndikufuna mwambo, ndipo mwambowo ukhale umodzi kwa onse. Takhala tikuona wosewera wina akalakwa amakhululukidwa chifukwa ndi dzina lalikulu, wina akalakwa chomwecho amathamangitsidwa. Komanso takhala tikuona kochi akukangana ndi wosewera wake wabwino koposa, dziko lonse n'kumavutika chifukwa cha anthu awiri. Nkhani ya Gaba ndi Marinica inatitayitsa nthawi yambiri. Munthu amene anagoletsa ziwiri pa Zimbabwe ku Cameroon, n'kudzaponya chija cha pa Morocco, miyezi ingapo pambuyo pake kunalibe pa mndandanda. Sindikuti Gaba ndi mngelo. Ndikuti ntchito ya mphunzitsi ndi kudziwa kuweta anthu ovuta, chifukwa omwetsa zigoli ambiri ndi ovuta. Pasuwa waweta mayina akuluakulu ku Dynamos ndi ku Bullets. Apa ndiye ndikumudalira.

Chigoli cha pa Morocco chija ndinaonera mu shedi ya kanema kuno kwathu, magetsi atazima, jenereta ikulira panja. Mphindi ya 7, Gaba anayang'ana goloboyi ataima patsogolo, n'kuuponya kuchokera kutali kuja. Benchi imene tinakhalira inathyoka, wina anagwetsa chitseko, amayi ogulitsa usipa panja analowa ndi lichero lawo kudzafunsa chachitika n'chiyani. Tinagonja 2-1, En-Nesyri ndi Hakimi, koma usiku umenewo palibe anagona ndi chisoni. Tinali titaima ndi Senegal 0-0, timu imene inadzatenga chikhocho. Zangodutsa zaka zitatu zokha. Ndiye munthu asandiuze kuti Amalawi sitingathe.

Nyerere_ya_Lali
Ashehe, ndipo timu ija titabwera nayo tinaiphwasula tokha. Mwase amene anatipititsa anachotsedwa, Marinica anayamba zake, patangotha chaka nayenso ulendo. M'malo momanga pa maziko a ku Cameroon tinakumbanso maziko ena.

Chipata_Chipolopolo
Ine ndine mnansi wanu wa ku Chipata, ndimakonda kuwerenga gulu lino. Musaganize kuti kwathu zinali zosalala. Titatenga chikho mu 2012 ndi Hervé Renard, tinadzaphonya AFCON katatu motsatizana, 2017, 2019 ndi 2021, makochi tikusintha ngati inu nomwe. Chimene chinatithandiza ndi ana amene anatenga chikho cha Africa cha osapitirira zaka 20 mu 2017, a Patson Daka ndi a Fashion Sakala. Yang'anani kwa ana anu. Pa Malichi ndibwera pa Mwami kudzakuchemererani.

Ziwerengero_Zokha
Bwanji tigwirizane muyezo pompano, kuti mawa tisadzasinthe mawu? Wanga ndi uwu: pa Bingu tisagonje kwa timu ya msinkhu wathu. Kugonja ku Tunisia sindiwerenga. COSAFA tifike mu semi ngati mu 2023. Ndipo chigamulo chenicheni chidzakhale pa masewero opitira ku AFCON 2027, osati Malichi uno.

Chemusa_Boy
Nanga Namibia ikadzatigonjetsa pa Bingu?

Ziwerengero_Zokha
Zidzandipweteka, ndidzadandaula pagulu pano, koma sindidzati achoke. Namibia inafika ndime ya 16 ku AFCON yapitayi, inagonjetsa Tunisia 1-0 komweko ku Ivory Coast. Ali ndi Peter Shalulile. Si timu yaing'ono ngati momwe timaiganizira.

Chemusa_Boy
Ine sindilonjeza. Ndimadzidziwa, mtima wanga ndi waufupi pa Flames. Koma ndiyesetsa kudikira mpaka Disembala.

Maule_Mpaka_Kale
Ine ndavomera muyezo umenewo. Ndipo aneba, ndikulonjezani, akadzadza mndandanda ndi Maule osayenera ndidzakhala woyamba kunena. Timu ya dziko si ya ku Ndirande.

Nyerere_ya_Lali
Mawu amenewo ndawasunga. Nanenso akasiya wa Manoma chifukwa sali bwino, sindidzalira.

Kochi_wa_Ana_Zingwangwa
Ndiwonjezere chimodzi pa muyezo wanu, chimene sichioneka pa zigoli. Ndikufuna kumuona Pasuwa ku Karonga, ku Chitowe, ku Rumphi, ku Mulanje, atakhala pa mpando wa pulasitiki akuonera ligi. Ndikufunanso azikhala pansi ndi makochi a timu za osapitirira zaka 17 ndi 20, kuti mwana akakwera kuchokera pansi apeze kaseweredwe kamene akukadziwa kale. Panopa timu iliyonse imasewera zake, mwana akafika ku Flames amayambanso Sitandade 1. Ubwino wake Pasuwa wakhala m'dziko muno kuyambira 2018, mabwalo athu onse wapondamo, osewera a ligi amawadziwa ndi mayina. Sadzataya chaka chathunthu akufunsa njira ngati mlendo wongotsika ndege.

Mai_a_Junior
Akochi ndakulemberani kumbali. Junior wawerenga zonsezi pa foni yanga. Sanayankhule kanthu, koma wafunsa kuti tikiti ya pa Bingu imakhala ndalama zingati.

Wa_ku_Area25
Mayi, tikiti ya Junior ndigula ine. Mudzangomukweza minibasi, ndidzamudikira ku depoti.

Ena amene mukubwera pa Namibia lembani mayina pansipa, tikhale mbali imodzi.

Chemusa_Boy
Ife a ku Blantyre tikufuna kuchita hayala kosta, tinyamuke m'bandakucha tibwerere usiku womwewo. Tili asanu ndi atatu pakali pano, tikufunika ena kuti mtengo utsike.

Nyerere_ya_Lali
Ndilembeni. Ndibwera ndi ng'oma ziwiri.

Mkulu_wa_Chilomoni
Mwana wanga Chemusa, mu kosta yanuyo mpando wa kutsogolo ulipo? Maondo anga sapindika bwino, kumbuyo sindingakhale maola anayi. Bingu sindinalowemo chimangireni. Wina andiuze ngati masitepe ake ndi ambiri, ndidziwe ngati nditenge ndodo.

Chemusa_Boy
Mpando wa pafupi ndi dalaivala ndi wanu madala. Ndodo tengani, masitepe alipo ndithu, koma tidzakugwirani mkono. Tidzakutengerani pa Chilomoni pomwepo 4 koloko m'mawa, mudzavale juzi, ku Dedza kumazizira.